Mvekero pa Pepala ndi pa Kanema: Ndemanga pa JoJo no Kimyō na Bōken

1. Chiyambi

Cholinga cha pepala lino ndi kuunika zimene zimachitikira mvekero wolembedwa pamene nkhani ya zithunzi yachotsedwa m'buku ndi kuikidwa pa kanema. Nkhani imene tasankha ndi ya ku Japan, yotchedwa JoJo no Kimyō na Bōken, ndiye kuti Ulendo Wodabwitsa wa JoJo, imene mlembi ndi wojambula wake ndi Araki Hirohiko. Maina a Chijapani tawalemba monga eni ake amachitira, kuyamba ndi dzina la banja. Mabuku a nkhani za zithunzi otere Ajapani amawatcha manga, ndipo makatuni a pa kanema amawatcha anime. Mau aŵiriŵa tiwasunga monga aliri, ngakhale tikudziŵa kuti loyambalo, kwa woŵerenga Chicheŵa, likumveka ngati tikumlamula kuti atenge chingwe.

Ena angafunse kuti kodi nkhani ya anyamata a minofu, olimbana ndi anthu oyamwa magazi, ikufunanji m'mapepala a dipatimenti ya maphunziro a zilankhulo. Yankho lathu nlakuti Chijapani, mofanana ndi Chicheŵa ndi zilankhulo zina za Chibantu, chili ndi mau a mvekero ochuluka zedi, ndipo Araki amawagwiritsa ntchito molimba mtima kuposa anzake ambiri. Kuonjezera apo, nkhaniyi idaikidwa pa kanema ndi makampani aŵiri amene adatsata njira zosiyana kotheratu: ina idachotsa malembo a mvekero ndi kuika phokoso lenileni m'malo mwake, pamene inzake idawasiya olembedwa pa chithunzi. Motero amisiri a makatuni adatichitira kafukufuku amene ife sitikadatha kuchita m'kalasi. Funso limene iwo adayankha ndi manja ao ndi lomwe lija lakhala likutivuta kuyambira 1935, pamene C. M. Doke adakhazikitsa dzina lakuti ideophone pa maphunziro a zilankhulo za Chibantu: kodi mvekero ndi mau enieni, kapena ndi kutsanzira chabe phokoso la zinthu? Ngati uli kutsanzira chabe, ndiye kuti makina ojambulira phokoso angathe kuuloŵa m'malo popanda chotayika. Ife tikuti sangathe, ndipo tiyesa kuonetsa chifukwa chake; komanso tinena poyera zimene zimatayikabe ngakhale pa njira imene tikuivomerezayo.

2. Buku ndi makatuni ake

Araki, amene adabadwira ku Sendai mu 1960, adayamba kufalitsa JoJo mu 1987 m'magazini ya anyamata yotuluka sabata iliyonse, Weekly Shōnen Jump, ya kampani ya Shueisha. Mu 2005 nkhaniyi idasamukira ku magazini yotuluka pamwezi, Ultra Jump, ndipo gawo lake lachisanu ndi chinayi lidayamba mu 2023. Gawo lililonse lili ndi mpangankhani wake wamkulu, nthaŵi yake ndi malo ake. Loyamba, Phantom Blood, likuchitikira ku England cha m'ma 1880, ndipo likusimba za udani wa Jonathan Joestar ndi Dio Brando, mnyamata wamasiye amene bambo wa Jonathan adamlera ngati mwana wake. Lachitatu, Stardust Crusaders (1989–1992), ndi ulendo wochoka ku Japan kupita ku Cairo. M'menemo ndimo mukuyambira mphamvu zotchedwa Stand, ndiye kuti mzimu wa munthu umene umatuluka, nkuima pambali pake ndi kumammenyera nkhondo. Lachinayi, Diamond is Unbreakable (1992–1995), lili m'tauni yopeka ya Morioh, imene Araki adaiumba potengera kwao ku Sendai. Magawo atatuŵa ndiwo tidalire m'pepala lino.

Kampani ya A.P.P.P. idatulutsa ndime 6 za makatuni mu 1993 ndi 1994, ndi zina 7 pakati pa 2000 ndi 2002, zonse zochokera m'gawo lachitatu, ndipo zidali zogulitsa kwa anthu oonera kunyumba. Kampani ya David Production, motsogozedwa ndi Tsuda Naokatsu ndi anzake, idayambira pa chiyambi penipeni pa wailesi ya kanema mu 2012: ndime 26 za magawo aŵiri oyamba, ndime 48 za gawo lachitatu mu 2014 ndi 2015, ndime 39 za gawo lachinayi mu 2016, ndipo idapitirira.

3. Mvekero wa Chijapani

Akatswiri a Chijapani amagaŵa mau a mvekero m'magulu aŵiri aakulu. Giongo ndi mau oimira phokoso; gitaigo ndi mau oimira maonekedwe, kayendedwe kapena mkhalidwe wa chinthu, popanda phokoso lililonse. Ena amapatulanso gulu lachitatu, gijōgo, la zomveka mumtima. Taonani zitsanzo izi, ndi zathu zimene taziika pambuyo pake:

(1) a. dondon: kugunda kwamphamvu kwa ng'oma kapena chitseko
b. kirakira: kunyezimira, monga kwa nyenyezi
c. iraira: kutopa mtima kwa munthu amene wadikira mopitirira
d. shiin: bata lopanda liwu lililonse

(2) a. Mphika udagwa, phwa!
b. Kunja kudali bii.
c. Atamva uthengawo adangoti kakasi.
d. M'mudzi monse mudali zii.

Zitsanzo (1d) ndi (2d) ndizo zofunika kopambana pa nkhani yathu. Bata lilibe liwu loti munthu nkulitsanzira, komabe zilankhulo zonse ziŵiri zili ndi mau ake, ndipo mauwo amatalikitsidwa monga momwe batalo latalikira: zii, ziii. Ambiri amati Tezuka Osamu, mlembi wa Tetsuwan Atomu, ndiye adazoloŵeretsa kulemba shiin pa chithunzi cha manga. Tsamba lopanda liwu lidapeza njira yonenera kuti pano pali chete woposa chete wa masamba ena onse.

Kufanana kwina kuli m'kapangidwe ka chiganizo. M'Chijapani mvekero kaŵirikaŵiri umalumikizidwa ku mneni ndi kaliwu kakuti to, kamene kamagwiranso ntchito pobwereza zimene munthu wina wanena. Ifenso timachita chimodzimodzi ndi tsinde la mneni -ti. Timati “adati ndikubwera,” ndipo timatinso “adangoti phee.” Munthu amene “wati” phee sadatsekule pakamwa, amene watsekula pakamwa ndi wosimba nkhaniyo, amene waleka kufotokoza nkuyamba kuseŵera chinthucho pamaso pa omvera. D. P. Kunene adanena zofananazi pa Sesotho, kuti wolankhula amasanduka woseŵera, ndipo Kita Sotaro adaonetsa mu 1997 kuti Mjapani akamatchula mvekero, kaŵirikaŵiri manja ake amayenda nthaŵi yomweyo. Mark Dingemanse, amene adafufuza chilankhulo cha Siwu ku Ghana, amasiyanitsa kufotokoza ndi kuonetsa: “mudalibe phokoso” ndi kufotokoza, “mudali zii” ndi kuonetsa. A. T. Kulemeka, amene adalemba za mvekero wa Chicheŵa, adaona mu 1995 kuti ofufuza zilankhulo za ku Asia ndi ofufuza za ku Africa akhala akuyang'ana chinthu chimodzi kuchokera mbali zosiyana, oyambawo pa tanthauzo la maliwu, enawo pa malamulo a chiganizo.

Mbali ya maliwuyo Hamano Shoko adaifotokoza mwatsatanetsatane m'buku lake la 1998. Korokoro ndi kugubuduka kwa kanthu kakang'ono, gorogoro kwa chinthu chachikulu ndi cholemera; kirakira ndi kunyezimira kokoma, giragira ndi kuŵala kothobwa m'maso; tonton ndi kugogoda pang'ono, dondon ndi kumenya. Ndiye kuti k ndi t akasanduka g ndi d, chinthu chimakula ndi kulemera. M'kalembedwe ka Chijapani kusinthaku kumaoneka ndi maso, pakuti lembo la go ndi lembo la ko lomwe, kungoti laonjezedwa timizere tiŵiri pamwamba chakumanja. Komanso wolemba ali ndi ufulu wosankha pakati pa hiragana, malembo opindikapindika ndi ofeŵa, ndi katakana, malembo a ngodya zakuthwa. Wojambula manga sagwiritsa ntchito taipi pa mau ameneŵa: amawajambula ndi dzanja lomwe lajambula nkhope ndi minofu, nawakuza, kuwapotoza ndi kuwang'amba. Zimene wosimba nthano amachita ndi mpweya, nkhope ndi manja, wojambula amazichita ndi inki. Natsume Fusanosuke, mdzukulu wa mlembi wotchuka Natsume Sōseki, adaona kuti dzina lakuti giongo silikwanira pa malembo otere, ndipo mu 1995 adawatcha on'yu, ndiye kuti fanizo la m'maliwu.

4. Zitsanzo zochokera m'buku

Tiyambe ndi mau odziŵika kopambana m'nkhani yonseyi, gogogogo. Woŵerenga Chicheŵa asasokonezeke: kwa ife gogogo ndi mlendo pachitseko, koma kwa Mjapani ndi kulindima kwa pansi, konga kwa chivomezi kapena phiri lamoto. (Apa pokha tikuona kuti mvekero, ngakhale umatsamira pa khutu, umaphunziridwa monga mau ena onse.) Araki amalemba mauŵa pamene palibe chimene chikulindima. Munthu waima pakhomo, sakuyenda, sakulankhula, mphepo kulibe. Koma malembo aakulu akukwera m'mbali mwake, go pamwamba pa go, mpaka kudumpha malire a chithunzi. Anzake a mauŵa ndi dodododo, amene pa chiyambi ndi mgugu wa mapazi ambiri kapena mathithi, koma m'buku lino amabwera pamene zinthu zafika pothina. Onse aŵiri adabadwa ali giongo, koma Araki amawagwiritsa ntchito ngati gitaigo. Palibe mpangankhani amene akumva phokosolo. Akumva ndi woŵerenga yekha, ndipo amene akumuuza ndi wosimba nkhani: chenjera, pano pali choopsa. Tikati tifanizire ndi nthano zathu, ndi monga agogo amene, asanatchule fisi, atsitsa mau ndi kutong'ola maso.

Chitsanzo chachiŵiri chili koyambirira kwa Phantom Blood. Dio, pofuna kuswa mtima wa Jonathan, akugwira Erina Pendleton, mtsikana amene Jonathan amamkonda, ndi kumpsompsona mokakamiza. Chijapani chili nao mvekero wa mpsompsono, chu, kaliwu kakang'ono kachikondi. Araki sadalembe chu. Adalemba zukyuun, ndipo u wakeyo adamtalikitsa kwambiri. Ameneŵa ndi mau a chipolopolo chotuluka m'mfuti. Chithunzi chikuonetsa milomo, malembo akunena mfuti, ndipo tanthauzo lili pa kusagwirizana kwa ziŵirizo: zimene Dio wachita ndi chiwembu, ndipo mtsikanayo walasidwa. Tsono tifunse: kodi katswiri wa phokoso aike chiyani pamenepa? Akaika phokoso la milomo, wataya chiweruzo cha mlembi. Akaika kulira kwa mfuti kokha, woonera afunafuna amene waombera. Mau okha ndiwo angathe kutchula mfuti popanda kubweretsa mfuti m'nkhani.

Chachitatu nchodabwitsa koposa. Will A. Zeppeli, mphunzitsi wa Jonathan, pofuna kuonetsa mphamvu ya kapumidwe yotchedwa Hamon, akumenya chule amene wakhala pamwala. Mwala ukung'ambika, chule akutsala wamoyo. Pamene nkhonya ikukhudza chuleyo, Araki adalemba memetaa. Mau ameneŵa adawapeka yekha, koma aŵerengi a ku Japan adawalandira, ndipo amawakumbukira mpaka lero. Ife tikuganiza kuti chifukwa chake nchakuti adaumbidwa ndi dothi lodziŵika. Chijapani chili ndi numenume, kuterera kwa khungu lachinyezi, ndi betabeta kapena peta, kumata kwa chinthu chonanda pa chinzake. Ndiponso Hamano adaona kuti e ndi wosoŵa m'mau a mvekero, ndipo akapezeka amanunkha chinthu chosakoma kapena chosayenera. Memetaa ndiye kuti dzanja lamira m'chinthu chofeŵa, choterera, chonyansa pang'ono, ndipo lakhala momwemo kanthaŵi. Wolankhula Chicheŵa amachita zomwezi tsiku ndi tsiku: amapeka mvekero umene suli m'dikishonale iliyonse, omvera naseka chifukwa aumva. Lamulo lilipo, ngakhale ife a galamala sitidalilembe lonse.

5. Njira ziŵiri

Makatuni a A.P.P.P. adatsata nzeru ya kanema wamba: chimene chili phokoso chimveke m'khutu, chimene chili chithunzi chioneke m'maso. Malembo adachoka. Pa ntchito ya phokoso adapempha akatswiri a Skywalker Sound ku California, ndipo palibe angatsutse kuti ndi yaluso. Nkhondo yomaliza ya Kujo Jotaro ndi Dio ku Cairo, m'ndime za 1994, ndi yojambulidwa bwino kuposa zambiri zimene zidadza pambuyo pake. Koma woonera amene adaŵerenga buku amamva kuti m'nyumbamo mwachoka munthu. Nkhani yakhala yaulemu, yamdima, yosaseka. Wosimba nkhani uja, amene m'buku amafuula, kukokomeza ndi kutsinzinira woŵerenga diso, watsekedwa pakamwa, ndipo otsala ndi amuna aŵiri amphamvu akumenyana m'mzinda usiku. Pamene padali dodododo pali nyimbo. Nyimbo imachititsa mantha, inde, koma ilibe mwini wake m'nkhani. Sitimva kuti pali wina amene watikoka malaya ndi kutilozera.

David Production idachita zosiyana. Kuyambira ndime yoyamba ya 2012, malembo a katakana akuoneka pa chithunzi, ojambulidwa monga Araki amawajambulira, akunjenjemera, kukwera ndi kuzimirira. Zukyuun alipo pa mpsompsono wa Dio, memetaa alipo pa chule. Kampaniyi idasunganso liwu la wosimba nkhani, limene amalankhula ndi Ōkawa Tōru, ndiponso imasintha mitundu ya thambo, zovala ndi tsitsi mwadzidzidzi pamene nkhani yafika pothina, potsata Araki amene sasunga mtundu umodzi pa zithunzi zake zopaka utoto. Zonsezi zikuloza kumodzi: amisiriŵa sadafune kutinamiza kuti tikuona dziko lenileni kudzera pa zenera. Adafuna kuti tisaiŵale kuti pali dzanja limene likusimba.

Kulemba mau a phokoso pa kanema si kwachilendo. Seŵero la ku America la Batman, limene lidayamba mu 1966, linkaonetsa malembo aakulu pamene nkhonya yagwa. Koma kumeneko malembo ankangoimira nkhonya imene diso laona kale, ndipo cholinga chidali nthabwala. Malembo ofunika kwambiri mwa amene David Production idasunga ndi aja amene alibe phokoso lowayankha m'dziko la nkhaniyo. Sitikubisa kuti padalinso phindu la ndalama. Kuyambira 1963, pamene kampani ya Tezuka, Mushi Production, idayamba kutulutsa Tetsuwan Atomu sabata iliyonse, makatuni a pa wailesi ya kanema ku Japan akhala akudalira zithunzi zochepa zoima nthaŵi yaitali, ndipo m'ndime zoyamba za JoJo muli malo pamene chinthu chokha chimene chikuyenda ndi malembowo. Koma zimenezi sizisintha chiweruzo chathu, chakuti David Production idamvetsa chilankhulo kuposa A.P.P.P., ngakhale A.P.P.P. m'malo ena idajambula bwino kuposa iyo.

6. Zotsala panjira

Kunena kuti malembo adasungidwa sikunena kuti mvekero udafika wathunthu. Chachikulu mwa zimene zidatsala panjira ndi nthaŵi. Pa pepala, gogogogo alibe utali woikika. Woŵerenga amamtchula chamumtima, pa liŵiro lake, ndipo angathe kukhala pa chithunzicho mpaka mantha atamkwana asanatembenuze tsamba. Ndiye kuti iye mwini ndiye akuseŵera mvekerowo, monga mwana amene akubwereza ziii pambuyo pa agogo ake. Pa kanema malembo amabwera ndi kuchoka pa nthaŵi imene mkonzi waika, masekondi oŵerengeka, ndipo woonera sawatchula; amangowaona. Mau amene satchulidwa ngakhale chamumtima ali pafupi kusanduka chokongoletsera.

Palinso vuto la kuchulukana. Kanema sakonda kukhala chete nthaŵi yaitali, choncho pansi pa malembo pamaikidwa nyimbo, ndipo nthaŵi zina pamaikidwanso kulindima kwenikweni. Uthenga umodzi ukunenedwa katatu. Choipa kwambiri nchakuti kulindimako kumabwezera mauwo ku gulu limene Araki adawachotsako: gitaigo wasandukanso giongo, ndipo woonera angayese kuti pansi pakugwedezekadi. Pa memetaa vutoli likuoneka bwino. M'buku woŵerenga aliyense ali ndi chule wake m'khutu. Pa kanema katswiri wa phokoso adayenera kusankha liwu limodzi, ndipo lililonse limene akadasankha likadachepa poyerekeza ndi mauwo. M'ndime zina za Stardust Crusaders ife tikuona ngati malembo ayamba kuikidwa chifukwa choti oonera akuwayembekeza, monga chidindo cha kampani pa thumba la ufa.

Nanga woonera wakunja, amene saŵerenga katakana? Iye amaona zizindikiro zikuyandama m'mbali mwa munthu. Pakati pa olankhula Chingerezi gogogogo amadziŵika ndi mau akuti menacing, amene ndi mfotokozi wotanthauza chinthu choopseza. Tanthauzo silidalakwike, koma mtundu wa mau wasintha: kuonetsa kwasanduka kufotokoza, monga munthu atachotsa zii m'chiganizo (2d) ndi kulemba kuti mudalibe phokoso. Womasulira m'Chingerezi tisamdzudzule kwambiri, pakuti chilankhulo chake chili ndi mau ochepa a mtundu umenewu kunja kwa phokoso lenileni, ndipo ochepawo ambiri amawayesa a ana. Womasulira m'Chicheŵa sakadakhala ndi choŵiringula chimenechi. Ali ndi zii pa shiin, tong'o pa maso otuzuka, njo pa munthu woima osagwedezeka. Ndipo pa gogogogo angathe kuyesa dididi kapena gududu, ngakhale tikuvomera kuti palibe mwa aŵiriŵa amene wazoloŵera kuima pamene palibe phokoso. Chomgwira dzanja chikadakhala manyazi amene ambiri a ife tili nao tikagwira cholembera, oganiza kuti mvekero ndi wa pabwalo la nthano, wosayenera pa pepala. G. T. Childs adalemba mu 1996 za kuchepa kwa mvekero pakati pa achinyamata olankhula Chizulu m'mizinda. Mwana wa ku Japan amaŵerenga mau otere osindikizidwa ndi inki, tsamba ndi tsamba, kuyambira ali wamng'ono.

7. Echoes

Umboni wamphamvu kuposa wonse adaupereka ndi Araki mwini m'gawo lachinayi. Hirose Koichi, mnyamata wamfupi ndi wamantha wa ku Morioh, ali ndi Stand yotchedwa Echoes, dzina lotengedwa ku nyimbo ya gulu la Pink Floyd, monga maina ambiri a m'bukuli atengedwa kwa oimba a ku Ulaya ndi ku America. Mphamvu ya Echoes ndi mvekero. Pa msinkhu wake woyamba imamata malembo pa thupi la munthu, ndipo mauwo amamveka kwa iye mobwerezabwereza mpaka atagonja. Pa msinkhu wachiŵiri imachita zoposa: imalemba mvekero pa chinthu, ndipo wokhudza chinthucho amakumana ndi zimene mauwo akuonetsa. Polimbana ndi Yamagishi Yukako, mtsikana amene wamtsekera m'nyumba ya m'mbali mwa nyanja chifukwa cha chikondi chopenga, Koichi akuika mvekero wa mkuntho pa chitseko, ndipo Yukako atachikhudza akuuluzika. M'nkhondo ina, mvekero wa kutentha ukunyenga bomba loyenda limene limatsata kutentha, ngakhale moto palibe.

Apa dongosolo latembenuka. Mvekero ukadakhala mthunzi wa phokoso, chinthu chikadayamba kuchitika, mau nkutsatira. Kwa Echoes mau ndiwo amayamba, ndipo chinthu chimawamvera. Araki akuseka chizoloŵezi cha manga, koma m'nthabwalamo muli zomwe zija Kunene adaona: wotchula mvekero safotokoza chochitika, amachichititsa pamaso pathu.

Pa pepala nthabwalayi ili ndi mbali ina. Malembo a Echoes ndi ofanana ndi malembo ena onse amene woŵerenga wakhala akuwaona kuyambira 1987 ndi kuwatenga ngati a wosimba nkhani, amene apangankhani sawaona. Mwadzidzidzi mpangankhani watambasula dzanja, watsomphola chida cha mlembi ndi kumenyera nacho mdani. Malire a pakati pa wosimba ndi osimbidwa agumuka. Tsono tiganize kuti gawo limeneli lidapangidwa mwa njira ya A.P.P.P. Malembo a Echoes akadayenera kuoneka, pakuti nkhani siyenda popanda iwo. Koma akadakhala malembo okhawo m'kanema yense, matsenga wamba pakati pa matsenga ena. Mu 2016, pamene David Production idafika pa ndime 6, 8 ndi 9 za Diamond is Unbreakable, oonera adali ataona kale ndime 74 za magawo atatu oyamba, ndipo adali atazoloŵera kuti malembo oyandamawo ndi a wosimba nkhani. Nchifukwa chake kubedwa kwao kudamveka. Zimene kampaniyi idasankha mu 2012, zimene ena akadaziyesa kukongoletsa chabe, zidabala phindu lake lenileni patapita zaka zinayi.

Nkhondo ya Koichi ndi Yukako ikutha motere. Thanthwe limene mtsikanayo waimapo likugumuka, ndipo iye akugwa kulunjika pa mwala wosongoka wa m'nyanja. Koichi adali ataikapo kale boyoyon, mvekero wa chinthu chofeŵa chodumphitsa, monga mpira kapena matiresi a masipuling'i. Mwala ukumlandira ndi kumponya m'mwamba wosavulala. Asodzi amene adaona zimenezi adafalitsa mbiri yake, ndipo malowo, m'buku ndi pa kanema pomwe, adayamba kutchedwa Boyoyon Misaki. Misaki ndi chitunda choloŵa m'nyanja. Mvekero wasanduka dzina la malo pa mapu a tauni. Pa kanema malembo akuoneka pa mwalawo ndipo kudumphako kukumvekanso m'khutu, koma pano pokha sitikudandaula za kubwereza, pakuti mwala sulira chotero pa wokha. Ukulira chifukwa walembedwa.